Nyemba za ku Mbala pa matebeto a Nicodemus

Lembani momwe ndikunenera, musandikonzere mawu ngati kalata ya ku boma.

Nicodemus Miti, uja wowotcherera mageti ndi mbaula kuseri kwa msika wa Masala, ndi mwana wanga wachitatu. Ndinamubalira ku Kitwe, m'komboni ya mugodi, chaka chimene atate ake anagula wailesi. Nambala ya chakacho musandifunse, ine sukulu ndinaionera pawindo chabe. Anabadwa wonenepa bwino, wakuda bii ngati atate ake, wosalira-lira. Chimene chinali kulira ndi mimba yake. Mwana ali gone, mimba ili maso, ikuyankhula yokha ngati achule mvula itagwa.

Atakula pang'ono anayamba kutumikira pa Misa. Mukudziwa nthawi ija ansembe akweza mkate, tchalitchi chonse chili zii? Ndi pomwe mimba ya Niko inali kuyamba nyimbo yake. Azimayi a m'bungwe lathu anali kunditsina. Ine maso kumwamba, ngati mwanayo sindimudziwa.

Sikuti zinali zoseketsa zokha ayi. Tsiku lina atsegula m'mimba, mawa lake adzimbidwa, mkuja mimba yatupa ngati ng'oma, m'kati mukupotokola mpaka thukuta. Ndinamumwetsa mankhwala a njoka za m'mimba mpaka njokazo, ngati zinalimo, zinasamuka ndi katundu yemwe. Mizu ya kumudzi anamwa. Neba wina anati amulodza. Ine ndinati, amulodzeranji mwana amene alibe ngakhale nsapato? Ndipo pomulimbikitsa thupi ndinali kumupatsa buledi wa ku mugodi, nyemba zambiri ndi tiyi wamkaka. Ndinali kuthira palafini pamoto ndikuganiza kuti ndi madzi.

Naye analowa mugodi ngati atate ake. Zaka fotini ali pansi. Ntchito yake inali yotsogola ndi chitsulo chachitali, kugogoda miyala ya pamwamba anzake asanalowe. Mwala wolimba ulira mwina, wofuna kugwa ulira mwina, iye makutu ake anali kudziwa. Koma pansi paja chimbudzi chili kutali, ndiye mwana wanga anapeza nzeru yopusa: osadya chilichonse mpaka atatuluka. Anzake atsegula zikhafutini zawo za chakudya, iye akumwa madzi. Anamutcha ba Lenti, ati munthu wosala chaka chonse. Mpaka lero madala ena a ku Kitwe akamuona afuula, "Ba Lenti, Pasaka sinafike?"

Anakwatira Felistus, mtsikana wa Chibemba wa ku Ipusukilo komweko ku Kitwe, woyimba kwaya, wa mano oyera ndi pakamwa pofulumira. Ndinamukonda tsiku loyamba chifukwa anandiyankha. Ukwati usanachitike, a kuchikazi anabweretsa zakudya zawo zija zoti mkamwini alawe. Niko analawa zonse monga mwa mwambo, natha masiku awiri akulondera chitseko cha chimbudzi. Tonse tinati ndi mantha a ukwati.

Manje mverani apa, chifukwa nkhani yagona pano. Kwathu kum'mawa ndi kwa Abemba komwe, mkamwini sadya apongozi ake akuona. Kuno ku tauni mwambo uja anthu anauleka kale, akamwini a masiku ano atsegula okha firiji ya apongozi ndi kufunsa kuti soseji yatha bwanji. Koma Niko anaugwira ndi manja awiri. Akapita ku Ipusukilo agwada pakhomo, aomba m'manja, akhala pampando wa panja. Amubweretsera mbale, iye, "Awe mukwai, natotela," kukana mwaulemu mwa Chibemba, maso pansi. Ngakhale madzi a maheu osakhudza. Apongozi ake, bana Cyril, anali kumutama komboni yonse. Ati onani mkamwini wanga, ulemu wotere simuupezanso pa Copperbelt pano. Zaka twente-thuu akumunyadira. Ine ndinali kungovomera ndi mutu. Ndinali kudziwa kuti ulemu ulipo ndithu, koma theka lake ndi kuopa minibasi ya paulendo wobwerera, imene siima pathengo chifukwa cha munthu mmodzi.

Ntchito ya mugodi itatha anasamukira kuno ku Ndola, ku Pamodzi, nanditenga ine atate ake atamwalira. Anaphunzira kuwotcherera. Koma mimba inafika poipa, mwina chifukwa cha maganizo a ntchito. Munthu anayamba kuyenda chowerama. Mumtima mwake anali atagamula kuti ndi khansa, ndipo anayamba kuuza mkazi wake kumene kuli mapepala a nyumba. Felistus, amene amuitana ndi dzina la mwana wawo Lulu, anati, "Bashi Lulu, musanafe tiyeni mukafere kuchipatala, kuti ndidziwe chouza anthu pamaliro." Anamukoka ngati mbuzi.

Anamupima magazi, anamupima chimbudzi, anamulowetsa ndi kamera komwe sindinganene. Dokotala wake anali mayi wamng'ono thupi. Anati, bambo, mulibe chilonda, mulibe chotupa, magazi sakutuluka, khansa palibe. Muli ndi matumbo osachedwa kukwiya, achizungu ati ai-bi-esi. Sikupha munthu, koma kumuzunza. Piritsi loti mumwe n'kutheratu kulibe. Chimene mungachite ndi kupeza zakudya zimene matumbo anu adana nazo. Anamupatsa pepala la zakudya zokayikitsa, ati izi muzisiye masabata folo. Mimba ikakhala chete, muzibweza chimodzi-chimodzi, masiku atatu chilichonse, pang'ono poyamba, n'kumalemba zimene zachitika. Ati musasiye zonse mpaka kalekale ayi, mungaonde ngati nsungwi.

Niko anabwera kunyumba akuseka yekha. Anati, "Amama, iyi ndi ntchito yanga yakale. Mwala umodzi, gogoda, mvera. Ukagogoda yonse pamodzi sudziwa umene ufuna kukugwera."

Mwezi woyamba unapita pachabe. Nyemba wasiya, mkaka wasiya, buledi wasiya, mimba ikungolirabe. Anayamba kunena kuti dokotala uja ndi mwana. Tsiku lina ndili khale kukhitchini ndiona mpongozi wanga akudula anyezi awiri akuluakulu, waa mumphika wa nsomba za mwamuna wake. Ndinati, "Amake Lulu, papepala paja Niko sanawerenge anyezi?" Iye, "Amama, anyezi si chakudya. Ndi anyezi chabe." Tinayang'anana. Kenaka tinaseka mpaka nsomba zinapserera.

Atachotsa anyezi ndi galiki, m'sabata yachiwiri nyumba inakhala chete ngati mwachoka alendo. Ndiye anayamba kugogoda miyala yake. Ku shopu anaimika lata lakale, n'kumalemba ndi choko chake chowotcherera. Mbali ina analemba abale, mbali ina adani, pakati maneba, ndiye kuti aja oti mupatsana moni koma osagona kwawo. Ine kuwerenga sindidziwa koma lata lija ndilidziwa pamtima. Adani: anyezi, galiki, nyemba, mkaka wosawawasa, zakumwa za gasi. Ndi mango. Tsiku la mango mwana wanga anatsala pang'ono kulira, chifukwa mtengo uli pakhomo pathu penipeni. Maneba: buledi kagawo kamodzi, kabichi pang'ono, kandolo pang'ono, mabisi, mkaka wowawasa uja, theka la kapu, zokazinga za mafuta ambiri mwa apo ndi apo. Abale: nsima, mpunga, mazira, nsomba, nkhuku, chibwabwa chotendera, impwa, tomato, malalanje, chinanazi, nshawa zokazinga. Anaonanso kuti kudya chothamanga ndi kukhala ndi njala tsiku lonse, monga anali kuchitira ku mugodi, ndi adani oposa nyemba. Ndi nkhawa. Kasitomala akamukalipira m'mawa, masana mimba iyankha.

Felistus naye ndi katswiri. Anapeza kuti akakazinga anyezi m'mafuta n'kuwachotsa asanathire ndiwo, fungo litsala koma nkhondo ichoka. Masamba obiriwira a anyezi aja nawonso savuta. Mnzake wina wa pa Masala, wogulitsa matayala, anakopera lata lonse m'foni mwake nakatsata, koma sizinamuthandize. Iye mdani wake anali khofi ndi mowa. Niko anamuuza kuti, "Mwana, mugodi uliwonse uli ndi miyala yake. Kagogode yako."

Zaka sikisi mwana wanga anakhala munthu. Masaya anabwera. Anayamba kupita ku mpira, kukhala mpaka kutha. Analowa kwaya ya abambo ngakhale mawu ake ali ngati geti losathira mafuta. Masiku ena mimba inali kukwiyabe, siitheratu, koma anali kudziwa chifukwa chake ndi kuti mawa kucha bwino. Chinthu chimodzi chokha sanasinthe: ku Ipusukilo sanali kudya. Kumeneko anyezi athira ngati akukwirira maliro.

Ndiye chaka chatha, mwezi wa Ogasiti, kunabwera uthenga. A kuchikazi akonza matebeto. Kwa amene simudziwa, ndi phwando limene Abemba achitira mkamwini amene wasunga bwino mwana wawo zaka zambiri. Aphika chakudya chilichonse cha mtundu wawo, miphika sate kapena kupitirira, abwera nayo ndi ng'oma, iye alawa uliwonse. Kuchokera tsikulo ndi mwana wa nyumba, adya ndi apongozi ake mbale imodzi. Si mkamwini aliyense amuchitira. Ena afa osaona. Ndipo bana Cyril ananena poyera kuti chachikulu chimene akumuthokozera ndi ulemu uja wosadya pamaso pawo.

Niko atamva, anapita kuchimbudzi kanayi tsiku lomwelo, asanalawe kanthu.

Taonani pomwe anapanikizika. Akadya zonse, ndiye kuti pakati pa nyimbo mkamwini wolemekezeka adzadumpha miphika kuthamangira kuseri, anthu onse akuona. Akakana, watukwana anthu amene aphika masiku awiri. Kunena zoona? Mkamwini ayamba bwanji kuuza apongozi ake za kuchimbudzi? Iye analetsa mkazi wake ndi lumbiro kuti asanene. Anati adzangomwa mapiritsi otseka m'mimba n'kudya zonse, zikamuvuta adzafera pampando ngati msilikali.

Ndinati, "Iwe Niko, ndinakubala ndi mutu. Unausiya pansi pa mugodi?"

"Amama, musalowererepo."

"Sindilowererapo," ndinatero. M'mawa mwake ndinakwera basi ya ku Kitwe.

Mwayi wathu ife a kum'mawa ndi wakuti Abemba ndi anthu athu a chimbuya. Titukwanana popanda mlandu, ngakhale pamaliro. Chimene mkamwini sanganene, ine ndingachinene nditakhala pampando wawo womwe. Ndinapeza bana Cyril akusankha finkubala, mphalabungu zawo zija, palichero.

"Odi kuno kwa akudya anyani!"

"Kalowe, mbuya! Mbewa zatha ku Chipata kuti ubwere kudzapempha ndiwo kuno?"

"Ndabwera kudzaona ngati muli ndi bokosi. Mufuna kundiphera mwana Loweruka."

Lichero linaima. Ndinawauza zonse, kuyambira pa Misa mpaka pa lata la ku Masala. Sindinakometse. Ndinatchula chimbudzi ndi dzina lake. Mayi uja anandiyang'anitsitsa. Ndinaganiza kuti ndaswa mphika. Kenaka anati, pang'onopang'ono, "Zaka twente-thuu. Ndakhala ndikunyoza akamwini a anzanga ku tchalitchi, ati wanga ngakhale madzi samwa. Kansi ndi mimba?"

"Ndi mimba, asewere."

Anaseka mpaka chitambala chinagwa. Koma atapukuta misozi nkhope inagwa pang'ono. Anati, "Ndiye ulemu uja unali wabodza?"

Apo ndinakwiya zenizeni. "Wabodza? Malata ali pamutu panuwa anakhoma ndi mimba? Amuna anu atagona m'chipatala miyezi iwiri, anali kuwasambitsa ndani, Cyril wanu uja wa ku Lusaka? Mwana wanu munamuonapo atabwera kuno ndi chikwama akulira?"

"Awe, mbuya, wanena zoona. Khala pansi, mtima wako uli ngati matumbo a mwana wako." Anaitana azimayi ophika. "Tiuze adani akewo."

Ndinawawerengera pamtima. Atamva za anyezi, mayi wina anagwira pachifuwa ngati ndanena kuti aphike opanda moto. Ndinawaphunzitsa nzeru ya Felistus ya mafuta. Anagwirizana kuti miphika yonse ibwere monga mwa mwambo, koma imene mkamwini angadye aimange ulusi wofiira pa chogwirira. Yopanda ulusi adzangoitsegula, aione, ipite kwa abale ake.

Nditamuuza Niko anaphimba nkhope ndi chipewa chake chowotcherera. "Amama, mwandivula pakati pa msika." Sanandiyankhule mpaka Lachisanu. Koma chakudya anali kudya, ndipo ndinaona kuti maulendo a kuseri achepa.

Loweruka masana, fotini awazi, tinamva ng'oma kumsewu. Maminibasi awiri. Azimayi anatsika atavala chitenge chimodzi, miphika pamutu yokulungidwa m'nsalu, akuyimba, akugwedeza m'chiuno ngati alibe mafupa. Pamodzi yonse inathamangira kwathu. Niko anakhala pampando pakati pa sitingirumu, suti ya buluu, mnzake wa matayala pambali pake. Azimayi aja anamusambitsa m'manja. Anayamba kumasula nsalu ndi mano, mphika uliwonse ndi nyimbo yake. Nkhuku ya kumudzi, ulusi wofiira. Analawa. Nsomba youma yotendera, ulusi wofiira. Chikanda, chibwabwa, impwa, finkubala, mpunga. Mwana wanga akutafuna, maso akuyang'ana ulusi ngati woyendetsa basi ayang'ana maloboti. Kabichi wa anyezi anangodutsa, munkoyo anangonyowetsa milomo. Palibe mlendo anazindikira kanthu. Bana Cyril ali pakhomo anandipsinyira diso.

Tinali titaiwala munthu mmodzi. Felistus ali ndi atete ake, ba Febby, mlongo wa malemu atate ake, nkhalamba ya ku Mbala yosamva bwino. Anafika m'mawa womwewo, natsikira kwa wachibale wina ku Ndola konkuno, naphika yekha kumeneko. Za ulusi sanamve. Miphika itatsala pang'ono kutha, tinangoona akulowa chokwawa ndi mphika wake wakuda. Anagona chammbali pansi, naomba m'manja, natembenukira mbali inayo, naombanso, monga achitira kwawo polemekeza munthu wamkulu. Nkhalamba ya zaka eyite, pa simenti yanga. Anatsegula. Nyemba za ku Mbala, zimene analima yekha, anazinyamula pamiyendo ulendo wonse, anyezi akuyandama pamwamba ngati mabwato. Anatunga supuni yodzaza, nainyamula m'mwamba ndi manja awiri.

Ng'oma inaleka. Felistus anagwira pakamwa. Ine ndinayamba kudzuka, mawu ali kale pa lilime.

Niko anakweza dzanja. "Amama, khalani."

Ndinakhala. Aka kanali koyamba chibadwire chake kundikhazika pansi.

Anatsika pampando ndi suti yake, nagwada pamaso pa nkhalamba ija. Anawaitana mwa Chibemba monga amayi ake, nati, "Mayo, nyemba izi ndizikonda kuposa nyama. Koma ndili ndi matenda a m'matumbo. Ndikadya, zindipweteka."

Ba Febby anapendeketsa mutu. "Ati shani?"

"Ndati zindipweteka m'mimba, mayo."

"Kwezani mawu, tata, makutu anatsala ku Mbala!"

Mwana wanga anayang'ana kudenga. Anayang'ana apongozi ake pakhomo. Kenaka anakoka mpweya, natulutsa mawu aja a kukwaya, amene agwedeza mawindo a tchalitchi.

"NYEMBA ZINDITSEGULA M'MIMBA, MAYO!"

Anamva mpaka ogulitsa tomato kumsewu. Chinsinsi cha zaka fifite chinatuluka pawindo ngati nkhuku yothawa mpeni.  Woyamba kuphulika ndi kuseka anali bana Cyril, kenaka nyumba yonse, ndi a panja omwe amene sanaone kanthu. Woyimba ng'oma anagwa chagada. Niko naye anayamba kuseka ali chigwadire, misozi ikutsika, mapewa akugwedezeka.

Ba Febby okha sanaseke. Anabweza supuni mumphika, nati, "Nanga osanena kale bwanji? Ndikanakunyamulirani kapenta wa ku Mpulungu. Inu a kum'mawa mwatani, kudwala mobisa ngati mwaba?" Anamusisita kumutu ngati kamwana. Kenaka anayang'ana uku ndi uku mpaka anandipeza. "Mbuya! Bwera udye m'malo mwa mwana wako. Iwe mimba yako igaya mbewa ndi ubweya womwe."

Ndinadya. Mbale ziwiri. Nyemba zija zinali zabwino kwambiri moti ndinamumvera chisoni Niko.

Pambuyo pake anthu anayamba kuulula ngati kwa ansembe. Akatekisiti athu ati iwo mkaka. Mayi uja wogwira pachifuwa ati iye kabichi amutupitsa chaka ndi chaka, anali kuganiza kuti ndi mkazi mnzake amuchita. Niko anawauza kuti ayambe apita kuchipatala akapimidwe, asangodzigamula, kenaka agogode chimodzi-chimodzi. Anali kuyankhula ali ndi mwendo wa nkhuku m'manja, atakhala mphasa imodzi ndi bana Cyril, akutapa mbale imodzi. Apongozi akewo anali kumusankhira minofu n'kumuikira mbali yake. Dzuwa likupendeka anamukokera pabwalo, mkamwini ndi apongozi ake, kuvina pamaso pa anthu. Niko amavina ngati akupondaponda matope a njerwa, koma sanachoke pabwalopo mpaka maminibasi analiza mahutala.

Manje Sande iliyonse yachiwiri, Misa ikatha, iye ndi Felistus akwera basi ya ku Kitwe. Ku Ipusukilo kuli kamphika kake kake, palibe wina akhudza. Sabata yatha bana Cyril anandiimbira foni. Ati, "Mbuya, bwera udzatenge mwana wako. Nkhuku zanga zinali naini, zatsala zitatu, ndipo akuyang'ana tambala."

Ndinati, "Munamuitana ndi ng'oma ndinu. Muphereni tambalayo."